Mmene mungagwiritsire ntchito maganizo pochira ndi posintha moyo wanu

Mu 2011 akatswiri a ku yunivesite ya Harvard ku America anachita kafukufuku pa anthu odwala mphumu. Wodwala aliyense ankabwera maulendo angapo. Ulendo wina ankamupatsa mankhwala enieni opopera m'kamwa otchedwa albuterol, ulendo wina chopopera chopanda mankhwala, ulendo wina ankanamizira kumubaya tisingano, ndipo ulendo wina ankangomukhazika pansi osamupatsa kanthu. Atafunsidwa mmene akumvera, odwalawo ankati chopopera chopanda mankhwala chija chawathandiza pafupifupi mofanana ndi chenichenicho. Koma makina oyeza mpweya wotuluka m'mapapo anaonetsa zina. Mankhwala enieni anawonjezera mpweyawo ndi 20 peresenti, pamene zina zonse zija zinangofika pa 7 peresenti, kuphatikizapo kungokhala pansi kuja. Anthu ankamva kupepukidwa pachifuwa, chonsecho njira za mpweya zinali zothinabe.

Malangizo onse ali m'munsiwa atsamira pamenepa. Maganizo ali ndi mphamvu yaikulu pa mmene mumamvera ululu, nkhawa, kutopa ndi nseru, ndiponso pa zimene mumachita tsiku ndi tsiku. Ali ndi mphamvu yocheperapo, koma yeniyeni ndithu, pa chitetezo cha m'thupi ndi pa kupola kwa mabala. Koma chotupa, kachilombo kapena fupa lothyoka, maganizo sangazichotse. Munthu angathe kumva bwino matenda akumudya m'kati.

Yambani ndi kugawa vuto lanu pawiri

Tengani pepala, mulembe mzere pakati. Mbali imodzi lembani zimene zili ntchito ya achipatala: dzina la matenda, mankhwala amene munapatsidwa, tsiku loti mukaonanenso ndi dokotala. Mbali inayo lembani zokusautsani zimene zimakula kapena kuchepa malinga ndi maganizo ndi zochita zanu: kusowa tulo, mantha, kupsa mtima msanga, ululu umene umakula usiku, kuiwala kumwa mankhwala, kudzipatula. Zonse zimene tikambirane pano ndi za mbali yachiwiriyi. Yoyamba ija isiyeni mmene ilili. Malungo, chifuwa chachikulu, shuga, HIV ndi khansa zili ndi mankhwala ake, ndipo palibe kusinkhasinkha kumene kungalowe m'malo mwake. Mu 2018 akatswiri a ku yunivesite ya Yale anayerekeza odwala khansa amene anakana chithandizo cha kuchipatala n'kudalira njira zina zokha, ndi anzawo amene analandira chithandizocho. Kwa okanawo, ngozi yomwalira inali yowirikiza kawiri ndi theka.

M'chiphunzitso choti maganizo amachiza chilichonse muli nkhanza imene anthu saiona msanga. Mukauza wodwala kuti "mukanakhala ndi maganizo abwino bwenzi mutachira", mwamusenzetsa katundu wachiwiri: akudwala kale, tsopano akudziimbanso mlandu. Munthu sadwala khansa chifukwa choti ankadandaula. Musadziuze zimenezo, ndipo musauze mnzanu.

Phunzitsani thupi kukhala pansi

Mukachita mantha, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso kuti titulutse timadzi tochangamutsa thupi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu imakungika, shuga amachuluka m'magazi, ndipo ntchito zosafulumira monga kugaya chakudya ndi kukonza malo owonongeka zimayamba zadikira. Zimenezi zimapulumutsa moyo ngati ngoziyo ndi ya mphindi zochepa. Tsoka lake n'lakuti ngongole imene mukuiganizira pakati pa usiku imadzutsanso zomwezi, ndipo ngongole sitha m'mphindi zisanu.

Zotsatira zake zinayezedwapo. Mu 1995 Janice Kiecolt-Glaser wa ku yunivesite ya Ohio State ndi anzake anacheka kachilonda kakang'ono kofanana pamkono pa amayi amene ankasamalira achibale odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, ndiponso pa amayi ena a msinkhu womwewo amene analibe udindo wotere. Zilonda za osamalira odwala aja zinatenga masiku pafupifupi 49 kuti zipole, pamene za enawo zinatenga 39. Izi zisanachitike, mu 1991, Sheldon Cohen ndi anzake anadontheza tizilombo ta chimfine m'mphuno za anthu 394 amene anavomera okha. Amene anali opanikizika kwambiri m'maganizo ndiwo anagwidwa chimfinecho mochuluka.

Njira yapafupi yotsitsira thupi anaifalitsa mu 1975 ndi Herbert Benson, dokotala wa mtima wa ku Harvard. Sifuna chipangizo chilichonse. Khalani pamalo pabata, msana utatsamira bwino. Tsinzinani, kapena ngati kutsinzina kukukusowetsani mtendere, yang'anani pansi pamalo amodzi. Masulani minofu kuyambira kumapazi, kukwera m'miyendo, pamimba, m'mapewa, mpaka nsagwada. Ambiri amadabwa kupeza kuti anali atakukuta mano osadziwa. Kenako pumani ndi mphuno, ndipo nthawi iliyonse mukamatulutsa mpweya, nenani chamumtima liwu limodzi limene mwasankha. Lingakhale nambala, lingakhale liwu la pemphero ngati ndinu wopemphera. Chitani izi mphindi 10 mpaka 20, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, koma osati mutangomaliza kudya.

Ine ndimawonjezerapo kuwerenga, chifukwa kumathandiza amene mtima wawo ukuthamanga kale: pokoka mpweya werengani mpaka 4, potulutsa mpaka 6. Mukatero mukhala mukupuma pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa mphindi, ndipo kutulutsa mpweya mwapang'onopang'ono n'kumene kumachepetsa kugunda kwa mtima. Mukamva chizungulire ndiye kuti mukukoka mpweya wambiri. Chepetsani, musadzikakamize kudzaza chifuwa.

Pali malo amodzi pamene ambiri amagwera mphwayi. Mukangokhala pansi, maganizo amayamba kuyendayenda: lendi, mawu amene wina anakunenani dzulo, mpaka nyimbo imene simuikonda n'komwe. Munthu amati, "Ine izi sindingathe." Chonsecho ntchito yake ndi yomweyo. Mwazindikira kuti mwapita kutali, mwabwerera ku mpweya ndi ku liwu lija, osadzikalipira. Kubwerako ndiko kuphunzirako, ngakhale kuchitike kambirimbiri pa mphindi khumi. Ndipo yambani kuyeseza pa masiku amene muli bwino, kuti tsiku la mantha thupi lidzakhale likuidziwa kale njirayo. Musayembekezere zodabwitsa sabata yoyamba. Maphunziro a kusinkhasinkha amene Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 ku yunivesite ya Massachusetts, pothandiza odwala a ululu wosatha, amatenga masabata 8 munthu akuyeseza pafupifupi tsiku lililonse.

Samalani zimene mukuyembekezera

Mankhwala opanda mphamvu amene amathandiza chifukwa choti wodwala akuyembekezera kuthandizidwa amatchedwa placebo. Kale anthu ankati kupepukidwa kotereku n'kungodzinamiza. Mu 1978 Jon Levine, Newton Gordon ndi Howard Fields ku San Francisco anaonetsa kuti si choncho. Odwala amene anali atangozulidwa mano ankamva ululu ukuchepa atapatsidwa placebo, koma akawabaya naloxone, mankhwala otsekereza mphamvu ya mankhwala opha ululu monga morphine, kupepukidwako kunkatha. Tanthauzo lake n'lakuti chiyembekezo chinkachititsa ubongo kutulutsa mankhwala ake ake opha ululu. Chodabwitsa china chinabwera mu 2010, pamene Ted Kaptchuk anapatsa odwala m'mimba mosatha mapiritsi atawauza poyera kuti mulibe mankhwala. Patatha masabata atatu, 59 pa 100 alionse ananena kuti apepukidwa mokwanira, poyerekeza ndi 35 pa 100 mwa amene sanapatsidwe kanthu.

Mphamvu yomweyi imagwiranso ntchito mobwerera kumbuyo, ndipo kumeneku n'kumene kumavulaza anthu ambiri. Mu 2020 ku Imperial College London anatenga anthu 60 amene anasiya kumwa mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi chifukwa ankawapweteketsa thupi. Kwa chaka chathunthu, mwezi wina ankamwa mankhwala enieni, mwezi wina mapiritsi opanda kanthu, mwezi wina osamwa chilichonse, ndipo sankadziwa kuti piritsi lenileni ndi liti. Zinapezeka kuti 90 peresenti ya zowawa zimene ankamva akumwa mankhwala enieni ankazimvanso akumwa mapiritsi opanda kanthu. Ululuwo unali weniweni, koma gwero lake lalikulu linali mantha. Ataona zotsatira zawo, theka la anthuwo linayambiranso kumwa mankhwala awo.

Ndiye mukapatsidwa mankhwala atsopano, funsani mafunso atatu musanatuluke: mankhwalawa athandiza chiyani, ndiyamba kuona kusintha patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi zizindikiro ziti zimene ndikaziona ndibwerere msanga. Akakuuzani za zovuta zimene mankhwalawo amabweretsa, funsani kuti zimachitikira anthu angati pa 100. Kumva kuti "amapweteketsa mutu" n'kosiyana kwambiri ndi kumva kuti ambiri samva kanthu. Pewani kufufuza za matenda anu pa intaneti usiku, mutatopa. Amene amalemba kwambiri kumeneko ndi amene zinawavuta, pomwe ochira ali kotanganidwa ndi zina. Koma chizindikiro chilichonse chachilendo kanenani kuchipatala. Si inu woti mugamule kuti "ndi maganizo chabe".

Gwirani ganizo, mulifunse mafunso

M'zaka za m'ma 1960, Aaron Beck wa ku yunivesite ya Pennsylvania anaona kuti odwala ake ovutika maganizo anali ndi timaganizo tobwera tokha, tofulumira, timene ankatikhulupirira osatifufuza. Anayamba kuwaphunzitsa kutigwira ndi kutiyesa ngati ndi toona. Njira imeneyi, yodziwika ndi zilembo zoti CBT, ndi imodzi mwa njira zothandizira maganizo zimene zafufuzidwa kwambiri, ndipo mbali yake yoyambirira mungaichite nokha ndi cholembera.

Tiyerekeze kuti munavulala msana, ndipo lero mwadzuka ululu utakula kuposa dzulo. Lembani zimene zachitika, zokhazo zimene wina aliyense akanatha kuziona: "Ndadzuka msana ukupweteka, ndalephera kuwerama." Pansi pake lembani ganizo limene linabwera, m'mawu ake enieni, ngakhale akhale oipa: "Sindidzachiranso. Ndasanduka mtolo kwa anthu." Kenako lembani mmene mwamvera ndi kukula kwake kuyambira 0 mpaka 10, mwachitsanzo mantha 8, chisoni 7.

Tsopano lifunseni ganizolo. Umboni woti n'loona ndi uti? Nanga woti si loona? Mwezi wapitawu ndinkatha kuchita chiyani, ndipo lero ndikutha chiyani? Kodi ndikulosera zam'tsogolo ndi tsiku limodzi? Akanakhala mnzanga wapamtima akunena izi, ndikanamuyankha bwanji? Funso lomalizali ndi lamphamvu, chifukwa ambiri a ife timadzilankhula mawu amene sitingayerekeze kuuza munthu wina. Pomaliza lembani ganizo latsopano limene mukulikhulupiriradi: "Lero ndi tsiku loipa. Mwezi watha sindinkatha kuvala nsapato ndekha, pano ndimatha masiku ambiri. Kuchira kwa msana kumakwera n'kutsika." Yezaninso mantha aja. Akatsika kuchoka pa 8 kufika pa 6, zakwanira. Simukufuna kuti afike pa 0.

Onani kuti ganizo latsopanoli si lokoma kwambiri. Ndi loona basi. Izi n'zosiyana ndi kuima pagalasi n'kumabwereza mawu odzitamanda. Mu 2009 Joanne Wood wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada anauza anthu kuti azibwereza mawu oti iwo ndi anthu oyenera kukondedwa. Amene ankadzikayikira kale anamva kuipa kwambiri atatero. Mtima ukamva mawu amene sukuwakhulupirira, umayamba kusonkhanitsa umboni wowatsutsa.

Musadikire kuti mtima ufune

Munthu wokhumudwa amati, "Ndikadzamva bwino ndidzayamba kuyenda, kucheza, kugwira ntchito zanga." Nthawi zambiri zimayenda mosemphana: mumayamba mwachita, kumva bwino n'kubwera pambuyo. Madzulo alionse sankhani kanthu kamodzi kakang'ono ka mawa, mulembe ndi nthawi yake. Kakhale kakang'ono moti simungakane: kuyenda mphindi zisanu, kuimbira foni munthu mmodzi, kusamba nthawi yomweyo mukangodzuka.

Kwa a ululu wosatha, mfundoyi ndi yofunika kwambiri. Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza mu 1965 kuti uthenga wa ululu suyenda molunjika kuchoka pabala kupita ku ubongo; umatha kukulitsidwa kapena kuchepetsedwa m'njira, ndipo ubongo womwewo umatengapo mbali. Mantha amaukulitsa. Woopa kuyenda amagona, minofu imafooka, akadzayesa kuyenda zimapweteka kwambiri, mantha n'kuwonjezeka. Dokotala akakulolani kuyenda, pezani mulingo umene mungaukwanitse ngakhale pa tsiku loipa, muuchite tsiku lililonse, n'kumawonjezera pang'ono sabata ndi sabata. Tsiku limene mwadzuka bwino musachite zonse zimene zinatsalira. Mudzalipira ndi masiku atatu a pabedi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, koma uko n'kumene mukupita, si poyambira. Tulo natonso tisungeni: wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, ndipo kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse kumathandiza kuposa kudzikakamiza kugona msanga.

Tulutsani zimene zili mumtima

Mu 1986 James Pennebaker anauza ophunzira a ku yunivesite kuti alembe za chinthu chowawa kwambiri chimene chinawachitikira, mphindi 15 pa tsiku kwa masiku anayi otsatizana. M'miyezi yotsatira, amene analemba zimene zinachitika pamodzi ndi mmene anamvera anapita kuchipatala mocheperapo kuposa anzawo amene analemba nkhani wamba. Kafukufuku wina wotsatira wapeza kuti phindu lake ndi laling'ono ndipo silifanana kwa onse, koma njirayi n'njosavuta kuyesa. Lembani osaima, osasamala galamala, podziwa kuti palibe adzawerenge. Mukafuna ng'ambani pepalalo mukamaliza. Kumva chisoni kwa kanthawi mukangomaliza kulemba si chachilendo. Ngati nkhaniyo ndi yaiwisi kwambiri moti mukulephera kupuma bwino, isiyeni, mulembe ina.

Pepala lili ndi malire ake, chifukwa siliyankha. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad anasonkhanitsa kafukufuku 148 wokhudza anthu oposa 300,000, ndipo anapeza kuti okhala ndi maubale olimba anali ndi mwayi wokhalabe ndi moyo woposa wa odzipatula ndi 50 peresenti pa nthawi imene ankawatsatira. Womvetsera safunika kukhala katswiri wa digiri. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu kusanthula mavuto awo limodzilimodzi. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2016 zinaonetsa kuti anthu amene anakumana ndi agogowo maulendo 6 anapepukidwa kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Sankhani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, mumuuze poyambirira chimene mukufuna: "Ndikufuna mungondimvera," kapena "Ndithandizeni kuganiza chochita." Mukapanda kunena, ambiri amathamangira kulangiza.

Mukafuna kusintha khalidwe

Pali chiphunzitso chofala choti mukamaona m'maganizo chinthu chimene mukuchifuna ngati mwachipeza kale, chidzabwera. Gabriele Oettingen wa ku New York University wafufuza zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo wapeza kuti kulota kokoma kotereku nthawi zambiri kumachepetsa khama. Mtima umalawa chimwemwe cha kupambana ntchito isanagwiridwe, n'kukhala pansi. Chimene chimathandiza n'kuphatikiza lotolo ndi chopinga chake.

Chitani chonchi. Nenani chimene mukufuna m'mawu ochepa, chikhale chovuta koma chotheka. Ganizirani kwa mphindi imodzi chabwino chimene chidzabwere mukachikwanitsa. Kenako dzifunseni moona mtima kuti chopinga chachikulu chimene chili mwa inu n'chiyani. Osati bwana, osati nyengo, koma inuyo: ulesi wa madzulo, manyazi, foni. Pomaliza pangani pangano la mtundu umene Peter Gollwitzer anaufotokoza mu 1999, lokhala ndi nthawi ndi malo: "Ndikangotsuka mano m'mawa, ndimwa mankhwala anga." "Ndikamva mkwiyo ukukwera, ndituluka panja n'kupuma kakhumi ndisanayankhe." Pangano lotere limaposa "ndiyesetsa" chifukwa nthawi ikafika simukhalanso ndi chosankha, munasankha kale.

Gwirani khalidwe limodzi lokha. Zimene anthu amakonda kunena zoti chizolowezi chatsopano chimakhazikika m'masiku 21 musazidalire. Phillippa Lally wa ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayamba chizolowezi chatsopano, ndipo anapeza kuti pakatikati pankafunika masiku 66 kuti chiyambe kuchitika chokha. Ena anatenga masiku 18, ena zinkaoneka kuti afunika 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunawononge kanthu. Chimene chimawononga ndi ganizo lobwera pambuyo pake loti "ndalephera kale, basi ndisiye", ndipo ganizo limenelo mukudziwa kale cholichita: ligwireni, mulilembe, mulifunse mafunso aja.

Nthawi yosiya kudzithandiza nokha

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene munkazikonda sizikukusangalatsaninso, kudya ndi kugona kwasokonekera, kapena mukulephera kugwira ntchito zanu, pitani kuchipatala. Matenda ovutika maganizo ndi matenda ngati ena onse, ndipo ali ndi chithandizo cha uphungu ndi cha mankhwala. Chimodzimodzi ngati mukumva mawu amene ena sakuwamva, kapena mwayamba kudalira mowa ndi mapiritsi kuti mugone. Ngati munakumana ndi zoopsa monga kugwiriridwa, ngozi kapena nkhanza, ndipo kukhala chete mutatsinzina kukukubwezerani zithunzi za tsikulo, siyani kusinkhasinkhako mpaka mutaonana ndi mlangizi wodziwa za zimenezi. Mankhwala amene dokotala anakupatsani musawasiye chifukwa choti mwayamba kumva bwino. Kambiranani naye kaye. Ndipo ngati mukuganiza zodzipha, musadikire mawa: uzani munthu amene muli naye pafupi lero lomwe, mumupemphe akuperekezeni kuchipatala, ndipo mumupatse akusungireni mankhwala ndi china chilichonse chimene mungadzivulaze nacho.